Mpando wa meya ukatseguka, tiloleni eni tauni ya Mangochi tivote tokha

Nkhani ya mpando wa meya yatenthanso m'magulu a WhatsApp a kuno ku Mangochi, ndipo mukakwera kabaza kuchoka ku Mpondasi kupita ku boma mumva zomwezo, aliyense ali ndi dzina lake la munthu yemwe akufuna kuti akhale mfumu ya tauni yathu mpandowu ukakhala wopanda mwini. Wina akuti akhale wachipani chakuti, wina akuti ayi nthawi ino akhale mayi, wina akuti tikufuna wachinyamata wopita kusukulu, anthu akumakangana mpaka usiku ngati kuti tsikulo likadzafika tidzakaima pa mzere ndi zitupa zathu m'manja. Koma chomwe ambiri sakuchiganizira n'chakuti ifeyo sitidzavota. Malinga ndi malamulo a maboma ang'ono m'dziko muno, meya amasankhidwa m'chipinda cha khonsolo, makhansala amakhala pansi n'kusankha mmodzi mwa iwo, ife timangomva pa wailesi kapena kuona chithunzi pa Facebook munthu atavala kale mkanjo wa umeya. Ndiye maganizo anga ndiwanena poyambirira pomwe kuti tisasocheretsane: lamuloli lisinthidwe, meya wa Mangochi komanso wa matauni ndi mizinda ina yonse azisankhidwa ndi anthu okhala m'taunimo, aliyense ndi voti yake, ngati mmene timasankhira phungu kapena pulezidenti.

Kuti timvane bwino tikumbutsane kaye komwe tachokera. Lamulo la maboma ang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998, chaka chomwecho boma lidatulutsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, makhansala oyamba pansi pa lamuloli tidawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zathunthu makhonsolo ankayendetsedwa ndi ogwira ntchito m'maofesi okha, popanda khansala wosankhidwa ndi anthu woti n'kuwafunsa mafunso, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi nthawi imeneyo pomwe tidazolowera zoti za kukhonsolo si zathu. Mkati mwa nthawi yomweyo, mu 2010, aphungu adasintha lamulo lija, n'kudzipatsa mphamvu yovota m'makhonsolo komanso kupereka kwa nduna mphamvu yosankha mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo. Meya amakhala pa mpando zaka ziwiri ndi theka, kutanthauza kuti pa zaka zisanu za makhansala mpandowu umapikisanidwa kawiri, ndipo kawiri konseko anthu wamba amakhala panja. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'tauni ya Mangochi muli anthu opitirira 50,000, pano ndiye achulukirapo, koma amene amasankha mtsogoleri wa anthu onsewa ndi kagulu koti kakhoza kukwana m'minibasi imodzi. Pamene pali meya wakale yemwe akufuna kupitiriza, mwina anthu amakhala ndi chomuyezera, amati msika uja adaukonza kapena sadaukonze. Koma mpando ukakhala wopanda mwini, palibe wopikisana yemwe tidamuonapo akugwira ntchito ya umeya, ndiye mpamene pamafunika kwambiri kuti aliyense wofuna mpandowo abwere poyera anene zomwe akufuna kuchita, koma ndi nthawi yomweyonso pomwe zonse zimathera m'zokambirana za kuseri zomwe ife sitizimva n'komwe.

Wina atha kufunsa kuti kodi nkhani ya meya ili ndi phindu lanji kwa mayi wogulitsa usipa kapena utaka pamsika. Phindu lilipo lalikulu, chifukwa zinthu zomwe zimatipweteka tsiku ndi tsiku m'tauni muno zambiri ndi za khonsolo, si za ku Capital Hill ayi. Tiketi ya pamsika yomwe mayi uja amadula m'mawa uliwonse imapita kukhonsolo. Zimbudzi za pamsika ndi pa depoti, zinyalala zomwe zimaunjikana mpaka kununkha, ngalande zotsekeka zomwe mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba za anthu, malo oti mavenda azigulitsirapo, malo oimikapo a kabaza, ziphaso za mashopu, kagawidwe ka mapuloti, magetsi a mumsewu, zonsezi ndi khonsolo. Tisaiwale kuti kolera itavuta mu 2022 ndi 2023 Mangochi lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri, ndipo kolera ndi nkhani ya madzi, zimbudzi ndi zinyalala. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, zomwe zikutiuza kuti funso loti anthu azimanga pati ndipo asamange pati m'mbali mwa Shire si lamasewera. Alendo opita ku Nkopola, ku Makokola ndi ku Cape Maclear amadutsa pakhomo pathu pomwe, ena amaima pa wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kujambula zithunzi, koma ndi angati amene amagona kapena kusiya ndalama m'tauni muno? Munthu yemwe akutsogolera zokambirana za zinthu ngati zimenezi akuyenera kukhala woti akayenda pamsika akumane ndi anthu omwe adamuika pampando.

Tsono ndikudziwa kuti pali anthu ambiri, ena anzeru ndithu ndi okonda tauni yathu, omwe sagwirizana nane, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Yomwe imabwera msanga ndi ya ndalama, amati dziko lathu ndi losauka, m'zipatala mulibe mankhwala, ndiye tiwonjezerenso chisankho china? Mfundoyi ikanakhala yamphamvu zikanakhala kuti tikupempha tsiku lapadera lovotera meya, koma sizili choncho. Pa 16 Seputembala 2025 tidavotera pulezidenti, phungu ndi khansala tsiku limodzi, pamalo amodzi, ogwira ntchito a bungwe loyendetsa zisankho la MEC omwewo, apolisi omwewo, galimoto zomwezo. Chowonjezera chikanakhala pepala limodzi ndi bokosi limodzi, komanso m'malo ochepa okha omwe muli mameya, si dziko lonse. Anzathu a ku Zambia adasintha malamulo awo mu 2016, kuyambira pamenepo anthu a ku Chipata, omwe timayankhula nawo chinenero chimodzi, amavotera okha meya wawo pa tsiku la chisankho chachikulu. Ngati iwo adakwanitsa ife chingatilepheretse n'chiyani? Ndipo meya akamasankhidwa pamodzi ndi makhansala ndiye kuti adzakhala zaka zisanu, nthawi yokwanira kuyamba ntchito n'kuimaliza, osati zaka ziwiri ndi theka zomwe chaka choyamba munthu akuphunzira ntchito, chachiwiri wayamba kale kuwerengera kuti ndani mwa anzake adzamuvoterenso.

Mfundo ina ndiyolemerapo, ndiyoti makhansalawo tidawasankha ndife tomwe, ndiye akamasankha meya akutiimirira, komanso iwo amadziwana, amaonana m'makomiti, akudziwa yemwe amawerenga mapepala a bajeti ndi yemwe amangobwera kudzasainira alawansi, pamene ife anthu wamba timangotengeka ndi yemwe ali ndi zimkuzamawu zazikulu. Ndikuvomera kuti makhansala amadziwana kuposa mmene ife timawadziwira. Koma taganizani mmene tidawasankhira. Ine povotera khansala ndidali kuganiza za wodi yanga, mjigo wathu, kamlatho kathu, sukulu ya ana athu, palibe yemwe adandiuza kuti voti yomweyo ndikusankhiranso mtsogoleri wa tauni yonse, ndipo palibe khansala yemwe pa kampeni amanena kuti mukandisankha ine ndikavotera uje kukhala meya. Ndiye kuimirira kwake kuli pati pa nkhani yomwe sitidakambirane? Komanso chachikulu n'chakuti munthu amaopa yemwe adamupatsa ntchito. Meya wosankhidwa ndi anzake ochepa amakhala ndi ngongole kwa anzakewo komanso kwa akuluakulu a chipani omwe adawauza kuti avotere ndani, ndiye ikabwera nkhani yoti ngalande iyambire wodi iti, kapena ndani akhale wapampando wa komiti ya zachuma, n'kovuta kuti aiwale omwe adamukweza. Sindikunena kuti makhansala athu ndi anthu oipa ayi, ambiri ndi anthu odzipereka omwe amathamangira maliro ndi odwala a m'wodi mwawo ndi ndalama za m'thumba mwawo, chomwe ndikunena n'chakuti dongosololi limakankhira ngakhale munthu wabwino kuti aziyang'ana m'chipinda m'malo moyang'ana kunja kuli anthu.

Apa ndiye tifike pa mantha omwe ndimawamva kwambiri kuno kwathu, ndipo ndikufuna ndichedwepo chifukwa anthu amawanena monong'ona koma ali mumtima mwa ambiri. Amati mukatsegula chisankhochi kwa aliyense, Mangochi mmene ilili, mpandowu udzagulidwa ndi wandalama, munthu adzabwera ndi ndalama zake za ku Joni kapena za bizinesi ya nsomba, adzagawa nsalu, shuga ndi ma K2,000, adzagula mipira ndi mayunifomu a matimu a achinyamata, basi wapambana. Ena amapitirira n'kunena kuti chisankhocho chidzasanduka cha mzikiti ndi tchalitchi, kapena cha Ayao ndi obwera, anthu adzavotera dzina osati mfundo, ndipo tauni yomwe anthu akhala limodzi mwamtendere idzagawikana. Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti kugawa zinthu pa kampeni kudatha, lamulo la zipani la 2018 lidaletsa koma tonse timaona zomwe zimachitika. Komabe tiyeni tiwerengere bwinobwino. Ngati vuto ndi ndalama, chophweka n'chiti, kugula anthu masauzande ambiri omwe akavote mobisa aliyense payekha, kapena kunyengerera anthu ochepa omwe mukuwadziwa mayina, nyumba zawo ndi mavuto awo? Wandalama yemwe tikumuopayo dongosolo la panoli ndi lomwe limamuphweketsera ntchito, chifukwa amangofunika kupambana wodi imodzi kenako n'kukopa anzake owerengeka, zonse zili chitseko chotseka. Amalawi tidaonetsa kale kuti timatha kulandira nsalu ya wina n'kukavotera wina, aphungu angati olemera omwe agwa pa zisankho ngakhale adagawa zinthu mpaka tsiku lomaliza?

Pa za chipembedzo ndi mtundu, ine ndikuona kuti chisankho cha tauni yonse chingathandize kusiyana ndi kuononga. Khansala atha kupambana ndi mavoti a dera limodzi lomwe anthu ake ambiri ndi a mzikiti umodzi kapena mpingo umodzi, sasowa kupita kwina. Koma wofuna umeya wa tauni yonse sangakwanitse ndi mbali imodzi yokha, adzayenera kukaonekera kwa mashehe komanso kwa abusa ndi ansembe, kwa asodzi a m'mbali mwa Shire, kwa aphunzitsi ndi anamwino omwe adabwera ndi ntchito kuchokera ku maboma ena koma amalipira lendi ndi kugula pamsika womwewu, kwa amayi a m'mabanki a m'mudzi, kwa anyamata a kabaza. Ndipo kulikonse komwe adzapite adzamva madandaulo ofanana, chifukwa ngalande ikasefukira madzi salowa m'nyumba za Asilamu okha kapena za Akhristu okha. Pamsika wathu anthu amagulitsa moyandikana, amasungirana katundu wina akapita kukaswali Lachisanu kapena kutchalitchi Lamulungu, amapitirana pamaliro. Kunena kuti anthu amenewa sangathe kusankha meya popanda kumenyana ndi kuwanyoza, pomwe anthu omwewa timawakhulupirira kuti asankhe pulezidenti wa dziko lonse. Ngati tikuopa kuti wina adzapambana ndi kagawo kochepa ka mavoti chifukwa opikisana achuluka, njira ilipo kale, khoti lidatanthauzira mu 2020 kuti pulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, ndipo palibe choletsa kuti lamulo latsopano linene zomwezo pa meya.

Palinso omwe amati nonsenu mukutaya nthawi, meya ku Malawi kuno ndi wongodula maliboni ndi kulandira alendo, mphamvu zenizeni zili ndi mkulu woyendetsa khonsolo yemwe amasankhidwa ndi nduna ku Lilongwe, komanso ndalama zambiri zimachokera ku boma lalikulu ndipo zimabwera mochedwa kapena zoperewera, ndiye kaya asankhidwe ndi makhansala kaya ndi anthu, palibe chisinthe. Mwa mfundo zonse zotsutsa iyi ndi yomwe ili ndi choonadi chochuluka. Ndondomeko ya 1998 ija idanena kuti makhonsolo azilandira gawo losachepera 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera, ndipo makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti zomwe amalandira sizifika pamenepo. Koma kwa ine mfundoyi ikutiuza kuti ntchito yosintha ndi yaikulu kuposa voti yokha, sikutiuza kuti tisayambe. Posintha lamulo kuti anthu azisankha meya, pomwepo palembedwenso kuti mkulu woyendetsa khonsolo aziyankha kwa meya ndi khonsolo yake. Komanso ganizirani kulemera kwa mawu a munthu. Meya wosankhidwa ndi anzake ochepa akapita ku unduna kukafunsa ndalama za misewu ya m'tauni, akhoza kuuzidwa kuti dikirani ndipo abwerera mwakachetechete, chifukwa akudziwa kuti akalimbana kwambiri chipani chitha kumuchotsera chithandizo. Meya yemwe ali ndi mavoti masauzande kumbuyo kwake amayankhula mosiyana, ndipo akakhala chete anthu omwe adamuvotera adzamufunsa. Mpandowu ndi wofooka mwa zina chifukwa choti palibe amene amauona ngati wake, ndipo omwe ali ndi mphamvu ku likulu savutika kuupondereza chifukwa akudziwa kuti palibe adzadandaule.

Ena amada nkhawa kuti meya akadzakhala wa chipani china makhansala ambiri a chipani china, ntchito idzaima, adzangokokanakokana. Zitha kuchitika, tidaziona ku Nyumba ya Malamulo nthawi ya Bingu wa Mutharika pomwe bajeti inkachedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lokhudza aphungu osintha chipani. Koma kukangana kwa poyera pa nkhani ya ndalama za msonkho wathu ine sindikuopa kwenikweni, chifukwa pamenepo mpomwe timadziwira kuti ndalama zikupita kuti. Chomwe chimandiopsa ndi khonsolo yomwe onse amagwirizana msangamsanga ife osadziwa kuti agwirizana chiyani.

Tsono kusintha lamulo kumatenga nthawi ndipo mpando ukatseguka sudikira, ndiye pali zomwe tingapemphe pompano zomwe sizifuna kuti aphungu akhale pansi. Khansala aliyense wofuna umeya anene poyera masabata angapo chisankho chisanachitike, osati tizimva mphekesera. Ofunawo akhale pamodzi pa bwalo kapena m'holo, mawailesi a m'dera muno aulutse, afunsidwe ndi makomiti a pamsika, a kabaza, amayi, achinyamata ndi anthu a ulumali, mafunso enieni: khonsolo imatolera ndalama zingati pamsika pa mwezi ndipo zingati zimabwerera kudzakonza msikawo, zinyalala mukazitaya kuti ndipo ndi galimoto iti, mapuloti mudzagawa bwanji kuti munthu wamba apeze nawo, omanga m'mphepete mwa mtsinje mudzatani nawo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye kufunsa bajeti ya khonsolo si mwano, ndi ufulu wathu. Khansala aliyense asanakavote aitanitse msonkhano m'wodi mwake amve maganizo a anthu, ndipo akabwerako adzatiuze kuti adavotera ndani komanso chifukwa chiyani, ngati akutiimiriradi sakuyenera kuchita manyazi ndi voti yake. Mafumu athu, omwe amakhala nawo m'khonsolo ngakhale savota, atha kuthandiza kukakamiza kuti zimenezi zichitike chifukwa mawu awo amamveka.

Ndipo kwa aphungu a boma la Mangochi, inu ndi amene muli ndi mphamvu yopititsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, kaya kudzera ku unduna wa maboma ang'ono kaya ngati bilo ya phungu payekha. Bungwe la makhonsolo la MALGA nalonso lili ndi pakamwa, likhoza kuyambitsa zokambiranazi ndi anzathu a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba, Kasungu ndi Luchenza omwe ali ndi vuto lomweli. Chisankho chachikulu chikubwerachi ndi cha 2030, ngati lamulo lingasinthidwe nthawi ikadalipo MEC idzakhala ndi mpata wokwanira wokonza pepala lachinayi lovotera, ndipo ofuna umeya wa Mangochi adzayamba kuyenda khomo ndi khomo kudzatipempha ifeyo. Mukakumana ndi phungu wanu pamaliro kapena pamsonkhano wa chitukuko, mufunseni kuti pa nkhani imeneyi iye ali mbali iti.